Chikho cha Samueli

1. Pakamwa popanda chitseko

Pamene Dailes adalembedwa ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Chipoka, m'chaka cha 1955, anthu a m'mudzi mwawo adaseka mpaka kugwira nthiti. Sikuti adali ndi nsanje ayi. Mtsikanayu, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, adali wanzeru ndiponso wochangamuka, koma pakamwa pake padalibe chitseko. Nkhuku ikaikira dzira kuseri kwa nkhokwe m'mawa, pofika masana mudzi wonse unkakhala utamva, ndi maanga a nkhukuyo omwe.

"Kuyambira lero tizingodwalira m'nyumba," ankatero amayi kuchitsime. "Ukapita uko ndi chipere, pobwera upeza ana akukuimba nyimbo."

Chipatalacho chidali cha zipinda ziwiri zokha. Woyang'anira adali a Jailosi, bambo wa imvi za m'mbali amene aliyense ankawatcha adokotala. Tsiku loyamba lenilenilo iwo adamuitana Dailes n'kumulozera mpando.

"Khala apo, mwanawe. Kutsuka mabala ndikuphunzitsa mawa. Lero ndikuphunzitsa lamulo limodzi lokha, ndipo ukadzalithyola ntchito yako idzathera pomwepo. Munthu akalowa pakhomo ili amavula malaya, n'kuvulanso manyazi. Amatiuza zimene sadauzepo mkazi wake kapena abusa. Satiuza chifukwa chotikonda ayi, koma chifukwa ululu wamufika pakhosi. Tsono zimene uziona muno si zako. Ndi za mwini wake, iwe wangosungitsidwa. Amayi ako akakufunsa kuti kuchipatala kunabwera ndani, uziti kunabwera odwala. Atsibweni ako akakufunsa, yankho ndi lomwelo. Ngakhale ine nditamwalira, ngakhale iwe utasiya ntchito n'kukakwatiwa ku Dowa, lamuloli lidzakutsatabe. Ine ndidalumbira pomaliza maphunziro anga, ndipo lumbiro limenelo limamanga aliyense wogwira ntchito pansi panga. Wamva?"

"Ndamva, adokotala."

"Inenso ndamva kuti ndiwe wolongolola."

Dailes adazolika. Koma nditi ndinene zoona, mtsikanayo adalisunga lamulo lija. Padapita miyezi isanu osatulutsa ngakhale dzina limodzi, mpaka amayi a kuchitsime aja adayamba kumudandaula kuti wayamba matama.

Mwa ntchito zake padali imodzi ya m'mawa uliwonse. Kuseri kwa chipatala kudali mtengo wa bwemba, ndipo pansi pake pankakhala akhate amene matenda adawadya kale zala. Aliyense adali ndi chikho chake. Akatha kumwera mankhwala, Dailes ankakwecha chikhocho ndi phulusa, n'kuchitsira madzi otentha, n'kuchipachika pa msomali wakewake. M'midzi monse ankachitanso chimodzimodzi, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti chikho chokwecha ndi phulusa n'kupachika pachokha ndi cha wakhate.

"Zikhozi timazipatula chifukwa cha mantha a anthu, osati chifukwa cha matenda," adamuuza tsiku lina a Jailosi. "Tikazisakaniza, odwala ena onse athawa."

Dailes adavomera, koma manja ake adazolowera ntchitoyo kotero kuti ankatha kuigwira maso ali kwina.

2. Thonje pamsana

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala a Jailosi adafuula ali m'chipinda choonera odwala kuti awabweretsere thonje. Dailes adalowa mwakachetechete. Pabenchi padakhala mwamuna atavula malaya, nkhope ataloza kukhoma, maso ali tsinzi. Pamsana pake, m'munsi mwa phewa, padali banga lotuwa mofiirira, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana.

"Ndikakukhudzani, muloze pamene ndakhudzapo," adatero a Jailosi.

Adakhudza paphewa ndi thonje, munthuyo adaloza. Adakhudza m'khosi, adalozanso. Adakhudza pabanga paja katatu konse, koma munthuyo adangokhala phee, kudikira.

"Mwayamba kodi, adokotala?"

Mawuwo Dailes adawazindikira. Adali Samueli, kalipentala wokonza mabwato padoko, amene adatomera mchemwali wake Eveles. Masiku amenewo n'kuti akumanga nyumba m'mudzi mwa akazi akewo monga achitira mkamwini aliyense. Iye ndi Dailes ankangokhalira kunyogodolana monga achitira anthu pachilamu, ndipo Samueli ankamutcha mkazi wake wamng'ono.

Samueli atatsegula maso n'kutembenuka, adaona mlamu wake ataima pakhomo. Tsiku limenelo padalibe wonyogodola mnzake.

Chidamubweretsa chidali chala. Adapsa ndi phula lotentha lomatira bwato, koma sadamve kuwawa konse, ndipo zimenezo n'zimene zidamuopsa.

"Sindikubisirani, ndi khate," adatero a Jailosi. "Koma mwachita bwino kubwera msanga. Kale tinkangobaya anthu jakisoni wa mafuta, wowawa koma wosathandiza kwenikweni. Tsopano kudabwera mapiritsi. Mukamamwa osadukiza, banga ili lizilala, ndipo zala zanu mudzakalamba nazo. Mukadukiza, matenda adzadzuka. Simudzakhala pansi pa bwemba. Muzibwera Lolemba ngati munthu wa malungo, ndizikupatsani mapiritsi a sabata m'kapepala. Alipo ena amene amatero, ndipo palibe akuwadziwa. Koma mkazi amene mukufuna kukwatirayo ayenera kumva, ndipo amve kuchokera kwa inu, ukwati usadalengezedwe m'tchalitchi."

Samueli adavala malaya pang'onopang'ono. Atafika pakhomo adaima.

"Alamu," adatero, "moyo wanga uli m'manja mwanu."

Atangotuluka, Dailes adalephera kupirira.

"Adokotala, ajawatu akukwatira achemwali anga! Ndingakhale chete bwanji?"

"Tseka chitseko, ukhale pansi," adatero a Jailosi. "Ndikuuze zimene ndidaona ndili mnyamata kwathu. Padali mayi wina, mlimi wa mpunga, wa ana anayi. Mnzake wapamtima adamuona banga akusamba kudambo, ndipo adangouza munthu mmodzi yekha. Pasadathe sabata adamumangira kachisakasa kutchire. Chakudya ankamusiyira pamwala, n'kumuitana ali chapatali ngati akuitana galu. Ana ake adaletsedwa kumuyandikira. Atamwalira adakana kumuika m'manda, ati mvula isiya kugwa. Mayi ameneyo sadafe ndi khate, mwanawe. Adafa ndi njala ndi chisoni. Ine ndagwira akhate zaka makumi awiri, taona manja angawa. Matendawa sapatsirana chisawawa, ndipo munthu akakhazikika pa mapiritsi mantha amachepa. Mchemwali wako sindinamuiwale. Samueli akalephera kumuuza, ine ndidzawaitana onse awiri muno. Imeneyo ndi ntchito yanga, si yako. Iwe ukatsegula pakamwa sudzapulumutsa munthu, udzangopha mmodzi."

"Nditseka pakamwa, adokotala."

"Ndi zokhazo ndikukupempha."

3. Masabata atatu

Dailes adatsekadi pakamwa. Adatseka mpaka amayi ake adamugwira pamphumi kuti aone ngati watentha thupi.

"Mwana amene ankalankhula ndi mbuzi zomwe, lero wangoti duu? Akukudyetsa chiyani kuchipatalako?"

"Ndi kutopa chabe, amayi."

Koma maso sadatseke. Ankaona Eveles akupititsa madzi akumwa kwa Samueli kumene ankamanga nyumba. Ankaona awiriwo akunyemerana chinangwa chimodzi. Ankaona mchemwali wake akupukuta thukuta ndi kansalu kamene Samueli adapukutira. Mawu a a Jailosi ankawakumbukira bwinobwino, koma m'mawa uliwonse ankaonanso manja opanda zala pansi pa bwemba paja, ndipo mantha ankamukulira.

Lolemba lililonse Samueli ankabwera kudzatenga kapepala kake. Ankakhala pamzere pamodzi ndi ena obwera mwachinsinsi, monga Che Binali, mkulu wachisilamu wogulitsa usipa wouma, amene anthu ankangoti amavutika ndi nyamakazi. Samueli ndi Dailes ankapatsana moni ngati alendo. Kawiri konse Dailes adafuna kumufunsa ngati wamuuza Eveles, koma manyazi adamugwira, ndipo Samueli naye ankathawitsa maso.

Eveles ankangoseka monga mwa masiku onse, akuimba posinja. Dailes adatsimikiza mumtima kuti munthu wosangalala chotere sadamve kanthu.

4. Tsiku lofolera

Nyumba itatha kumangidwa, padatsala denga. Loweruka lina amayi adaphika thobwa mitsuko iwiri, ndipo abale ndi anansi adasonkhana kudzathandiza kufolera. Ntchito yonse ankayendetsa atsibweni awo a atsikanawo, a Lawson, amenenso adali nkhoswe ya Eveles.

Dzuwa la tsiku limenelo lidali loswa mtengo. Amuna onse padenga adavula malaya, thukuta lili kamukamu. Samueli yekha ndiye adavala malaya ake mpaka batani la m'khosi.

"Akamwini, mukufolera kapena mukupita kutchalitchi?" adafuula wina, anthu n'kuseka.

Dzuwa lili paliwombo a Lawson adaitana anthu kuti atsike. Onse adakhala pamthunzi wa mango, ndipo Dailes ndiye adapatsidwa ntchito yotunga thobwa. Chikho chidali chimodzi monga mwa mwambo. Chidayambira kwa a Lawson, n'kumayenda kwa akuluakulu, mmodzimmodzi, mpaka chidafika kwa Samueli.

Samueli adamwa theka n'kupumira.

"Asamalize yekha!" adakuwa mayi wina wanthabwala. "Asiyireko mwini nyumba. Eveles, bwera udzamwe potsala amuna ako, tione ngati mudzagawana bwino."

Nthungululu zidamveka. Eveles adabwera akuseka mwamanyazi, adagwada, n'kutambasula manja onse awiri.

Dailes adalumikiza milomo mwamphamvu. Sadanene liwu ngakhale limodzi, ndipo pa chimenechi palibe angamunamizire. Koma dzanja lake lidafika pachikho msanga kuposa la mchemwali wake. Adachilanda, adakhuthulira thobwa lotsalalo pansi, n'kupita pamoto. Adatapa phulusa n'kuchikwecha mkati ndi kunja. Adachitsira madzi otentha a mumphika. Kenaka adayang'ana uku ndi uku kufuna msomali, ndipo atausowa adachikoleka pa kanthambi kouma ka mango, pachokha.

Adatenga chikho china m'dengu, adatunga thobwa, n'kutembenuka kuti apatse Eveles. Apo m'pamene adazindikira kuti pabwalo ponse pali zii.

Nthungululu zidali zitatha. Anthu sankayang'ana iye. Ena ankayang'ana chikho chili lende pakanthambi, ena ankayang'ana malaya a Samueli. Bambo amene adakhala moyandikana ndi Samueliyo adasendera pang'ono, kenaka adasenderanso.

"Dailes," adatero a Lawson mwapansipansi, "chikho chimenecho chalakwa chiyani?"

"Palibe, atsibweni. Munagwera ntchentche."

"Ntchentche timaikwecha ndi phulusa? Tamwera anthu khumi ndi awiri iwe osatsuka. Iwe umagwira ntchito kuchipatala. Waona chiyani?"

"Kuchipatala kumabwera odwala, atsibweni."

Yankho limene adaphunzitsidwa lija lidatuluka bwinobwino, koma pamalo amenewo lidangothira mafuta pamoto. A Lawson adatembenukira kwa Samueli.

"Akamwini, tavulani malaya."

"Atsibweni, chonde!" adalira Dailes. "Sindinanene kanthu ine!"

Palibe adamumvera. Samueli adaimirira. Adamasula mabatani limodzilimodzi, adavula malaya, n'kutembenuka yekha kuti onse aone. Banga lija lidali litayamba kale kuzilala, koma padzuwa la masana lidaoneka ndithu.

Mayi wanthabwala uja adanyamula mwana wake n'kuthawa. Amuna amene adamwera chikho chija Samueli asadamwe adayamba kulavula, ngakhale kuti iwo ndiwo adatsogola.

5. Mawu a nkhoswe

"Ndikumwa mankhwala," adatero Samueli. "Adokotala akuti ndichira. Afunseni alamu angawa, akudziwa."

Maso onse adagwera pa Dailes. Tsopano ankafunitsitsa kulankhula. Adanena za mapiritsi, za manja a a Jailosi, zoti matendawa sapatsirana chisawawa. Mawu ankatuluka ngati madzi, monga ankachitira kale.

A Lawson adamudula ndi dzanja.

"Ngati sapatsirana, chikho wachikwecheranji? Iwe wophunzira, wa kuchipatala, waopa kuti mbale wako amwerepo. Ndiye ife osaphunzira titani? Pakamwa pako pakunena zina, manja ako anena zina, ndipo ine ndikhulupirira manja."



"Tamverani, a Samueli," adapitiriza a Lawson. "Ine sindidana nanu. Mwatigwirira ntchito, mwatilemekeza, sitinakuonenipo choipa. Koma ine ndine mwini mbumba. Ana awa adandisiyira ndi makolo kuti ndiwasunge. Mawa akadzabadwa mwana wamabanga, anthu adzafunsa ine. Atsikana ena a pamudzi pano akadzasowa owafunsira chifukwa choti kuno kuli khate, adzalira ndi ine. Pachitsime pathu simungatungenso. M'nyumba iyi simungagone. Za ukwati ndikakambirana ndi nkhoswe yanu, koma musayembekezere kanthu. Tengani zipangizo zanu dzuwa lisadapendeke."

Samueli adatola sowo, nyundo ndi tchizulo, n'kuzikulunga m'malaya aja. Podutsa pamene padaima Dailes adaima pang'ono. Mtsikanayo adayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukadakhala bwino akadatukwanidwa.

"Zikomo poyesetsa, alamu," adatero Samueli, n'kumapita.

Anthu adabalalika osatsanzika. Denga lidatsala lofolera mbali imodzi, mitolo ya udzu ili mbwee pansi. Thobwa la mumtsuko wachiwiri amayi adakataya kudzala.

Eveles adali adakali chogwada pamalo pomwe paja. Dailes adamuyandikira akulira.

"Achemwali, ndimafuna kukutetezani. Simumadziwa."

Eveles adadzutsa mutu. M'maso mwake mudalibe misozi.

"Ndimadziwa."

"Mwati bwanji?"

"Adandiuza tsiku lomwelo atachoka kuchipatala. Adandionetsa banga, adandionetsa mapiritsi, n'kundiuza kuti ngati ndikufuna ndimusiye. Ine ndidasankha ndekha. Ndine ndimamukumbutsa kumwa mankhwala. Iwe unandifunsa? Tikugona mphasa imodzi masabata atatu onsewa, unandifunsapo?"

"Lamulo silindilola kunena."

"Koma limakulola kupachika chikho?"

Eveles adaimirira n'kulowa m'nyumba mwa amayi. Tsiku limenelo ndi Lamulungu lonse sadamulankhulenso.

6. Benchi la Lolemba

Nkhani yotere siyenda pansi. Pofika Lamulungu masana idali itafika padoko, ndipo eni mabwato adatumiza mawu kwa Samueli kuti asadzagwirenso mabwato awo. Mwini nyumba imene ankagonamo adamutulutsira katundu panja.

Lolemba m'mawa Dailes adafika kuchipatala. A chifuwa adabwera, a mabala adabwera, amayi a ana adabwera. A Jailosi adali atakonza timapepala tisanu ndi tinayi ta anthu obwera mwachinsinsi aja, ndipo tidangokhala pathebulo. Dzuwa lidakwera, koma palibe ngakhale mmodzi adatulukira.

Chakumasana Dailes akutaya madzi kuseri, adamva wina akutsokomola kumpanda. Adali Che Binali, dengu la usipa lili panjinga. Sadalowe.

"Mwana iwe, ukawauze adokotala kuti ife sitibweranso."

"Chonde, Che Binali, za inu sindinauze munthu."

"Walahi, ndikudziwa kuti sunanene. Za Samueli unanena? Ine ndili ndi akazi, ndili ndi ana, ndili ndi malo anga pamzere kumzikiti. Usipa uwu anthu amagula chifukwa sadziwa. Mawa ukadzandipeza pamsika n'kukana kulandira usipa m'manja mwanga, ndidzalowera kuti? Dawa yanuyo, mapiritsi aja, ndikuifuna, Mulungu ndi mboni. Koma kuli bwino zala zidzaduke pang'onopang'ono kusiyana n'kuti ndife lero ndili moyo. Anzanga onse atero."

Adakwera njinga yake n'kumapita. Dailes adamuitana kawiri, koma mkuluyo sadacheuke.

A Jailosi adamva zonse ali pawindo. Sadakalipe. Adakhala pampando, adavula magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba Dailes adaona kuti ndi munthu wokalamba.

"Anthu asanu ndi anayi amenewa ndidawasonkhanitsa zaka zitatu," adatero. "Ena ndinkawatsata kumadimba, ena kumadoko, kuwanyengerera ngati ana. Chimene ndidawalonjeza si mapiritsi ayi, mapiritsi aliyense angapereke. Ndidawalonjeza kuti palibe adzadziwe. Lero lonjezo limenelo latha, ndipo ndilibe mankhwala olibwezera. Mbali ina kulakwa ndi kwanga. Ndidakuuza za pakamwa pokha chifukwa ndi pamene ndinkaopa. Ndidayenera kukuuza kuti chinsinsi chimatulukira m'maso, m'manja, m'kakhalidwe, ngakhale m'kusendera pabenchi. Wodwala ukakumana naye kunja, uzimuchitira zimene ukadamuchitira usadadziwe kanthu. Ukasintha ngakhale pang'ono, waulula. Ndidayeneranso kukuuza kuti mantha akakukulira ubwere kwa ine, usalimbane nawo wekha. Koma lamulo ndi lamulo, mwanawe. Ndilembera kalata akuluakulu a mishoni, ndipo mpaka atayankha usavalenso yunifolomu."

Dailes adavula kansalu koyera ka kumutu n'kukaika pathebulo. Ntchitoyo sidamupweteke kwambiri. Maso ake adali pa timapepala tija.

"Nanga alamu akadukiza mankhwala?"

"Ndidanena kale. Matenda adzadzuka, ndipo kalipentala wopanda zala si kalipentala."

"Ndiloleni ndikawapatse. Ndi chokhacho ndingathe."

A Jailosi adatsegula kabati, adawerengera mapiritsi a mwezi wathunthu m'kabotolo, n'kumupatsa.

"Umupatse m'manja mwake, popanda woona. Umuuze kuti kulikonse kumene angapite akafune chipatala, ndipo ndidzamulembera kalata. Thamanga."

Dailes adathamanga. Padoko adamuuza kuti kalipentala sadaoneke. Kunyumba kumene ankagona adapeza chitseko chili pululu, mkati atawazamo phulusa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa adati adamuona m'mawa atakhala yekha kumapeto kwa siteshoni ya njanji, kutali ndi anthu, mtolo uli pamiyendo.

Dailes adaganiza zoyamba wadzera kumudzi, poti padali panjira, kuti akatenge Eveles. Mwina Samueli akadamvera mawu a Eveles kuposa ake. Adafika wefuwefu, n'kupeza amayi atakhala pakhonde manja ali m'masaya.

"Achemwali ali kuti?"

"Ndimati ali ndi iwe. Anati akukatunga madzi, koma mtsuko ndi uwo. Nsalu zake zonse palibe."

Dailes adatembenukira kumtengo wa mango. Chikho chija chidakhala pakanthambi masiku awiri, popeza padalibe wolimba mtima woti achikhudze. Tsopano pakanthambipo padalibe kanthu.

Chakusiteshoni sitima idalira kawiri, kulira kwake konyamukira. Dailes adaliyatsa liwiro kulowera kunjanji akuitana dzina la mchemwali wake, kabotolo ka mapiritsi kali m'manja.